Masiku Khumi a Galu wa Mayi Likoswe

Kapondo, chaka choyamba pa ntchito

Ana anga, za ubwana wanga mudazimva pakamwa mpaka kutopa nazo, choncho pano ndiyambira pomwe ntchito idayambira. Nditatsiriza maphunziro a zaziweto, kalata idandilozera ku Kapondo kukayang'anira dibi losambitsiramo ng'ombe. Ndidafika pa lole yonyamula feteleza, ndili ndi sutikesi imodzi, mphasa ndi yunifomu ya khaki yondikula m'mapewa. Nyumba yomwe adandipatsa inali ya zipinda ziwiri, ndipo denga lake linkadontha pakona yeniyeniyo pomwe munthu wanzeru angafune kuika bedi. Anthu a kumeneko sadavutike n'kusunga dzina langa. Tsiku lomwelo ndidasanduka "a Vetenale", ndipo mpaka lero pamsika pa boma alipo madala amene sadziwa kuti ndine Mbewe.

Ntchito inali yochuluka kuposa zida. Ndinkasambitsa ng'ombe, kufula nkhunzi, kuyeza nyama isanagulitsidwe, ndiponso kubaya agalu katemera wa chiwewe. Mankhwala a m'dibi ankatha nkhupakupa zikadali ndi moyo. Katemera amafuna kuzizira, koma furiji yathu inkayendera parafini, ndipo parafiniyo ankabwera ngati mlendo wa pa Khirisimasi. Ndinkakulunga kabokosi ka katemera m'chiguduli chonyowa n'kumapalasa njinga, uku ndikupempha dzuwa kuti lindichitire ulemu. Sindikudandaula ayi. Ndikungofuna mudziwe komwe zidathera nsapato zija munkandiseka nazo.

Bwana wathu ku ofesi anali a Mkandawire, munthu wamtali, wolankhula motsitsa, amene sindidawaonepo akuthamanga. Ulendo wawo woyamba kudzandiyendera adandikhazika pakhoma la dibi. "Iwe Mbewe," adatero, "ukalakwitsa pa ng'ombe, mwini wake alira mwezi umodzi. Ukalakwitsa pa chiwewe, uika mwana m'manda. Ine ndidamuona mwana akufa nacho, akukana madzi chonsecho ali ndi ludzu. Galu ukangomukayikira, lemba pepala, mfuti ibwere. Bola agalu khumi kusiyana ndi mwana mmodzi." Mawuwo ndidawameza onse, ndipo mpaka lero sindinena kuti anali opusa.

Pasanathe miyezi isanu adandiitana kwa mkulu wina wosoka nsapato. Galu wake anali atauwa masiku atatu osalekeza, ndipo ankafuna kuluma aliyense womuyandikira, ngakhale mbuye wake amene. Ndidapita, ndidaima patali ngati kuti galu womangidwa angandiulukire, ndidaona kathovu pakamwa, basi n'kulemba pepala. Mfuti idabwera. Tikudula mutu kuti tiutumize kokayeza, m'pamene ndidaona chomwe ndikadachiona kale ndikadangosendera mapazi asanu okha. Waya womumangira anali atalowa m'khosi, bala litayamba mphutsi. Galuyo sankapenga ayi, ankatiuza kuti waya akumudula, ndipo thovu lija linali la kuuwa masiku atatu popanda madzi. Yankho lochokera koyeza lidafika patapita milungu ingapo, loti chiwewe munalibe. Mkulu uja sadandikalipire. Ankandisokerabe nsapato, koma ndikafika ankayang'ana nsapatoyo, osati ine. Zidandipweteka kwambiri, ndipo manyazi ake ndidayenda nawo zaka zambiri.

Kuyambira pamenepo ndidatenga chizolowezi chomwe anthu ankandiseka nacho. Ndikamva galu akuuwa, ndinkatsika panjinga n'kukhala pansi kumumvetsera. Amayi anu, nthawi imeneyo tikadali pachibwenzi, adandiuza kuti anzawo akuwaseka kuti akukwatiwa ndi munthu wocheza ndi agalu. Koma ndidaphunzirapo zomwe m'kalasi sadatiuze. Galu woona mlendo amauwa mofulumira, mutu uli m'mwamba, maso ali komwe kuli mlendoyo. Wamantha amauwa akubwerera m'mbuyo, mchira ataupanira. Wotopa ndi kungokhala amauwa liwu limodzimodzi, hu, hu, hu, ngati munthu wosinja, osayang'ana kanthu. Ndiye pali wosungulumwa, amene amauwa pang'ono, n'kuima kumvetsera ngati wina ayankha, kenako n'kukoka kulira kwakutali. Iwe Chikondi, amene udandiimbira foni kuti kagalu kako ka ku Lilongwe kakukuyambanitsa ndi a landilodi, ndiye ukufuna mankhwala okagonetsa, werenga bwino zikubwerazi. Mankhwalawo ine ndilibe.

Mlonyeni, chaka chakhumi ndi chiwiri, mwezi wa Febuluwale

Pomwe ankandisamutsira ku Mlonyeni n'kuti nditakula pa ntchito. Ndinali ndi njinga yamoto yomwe mafuta ake ankakwana theka la mwezi, theka linalo ndinkaigoneka m'nyumba n'kubwerera ku yakapalasa. Dzina langa linali litalowa kale pa mndandanda wa oyenera kukwezedwa, ndipo amayi anu anali atayamba kuyeza ndi maso makatani a nyumba ya pa boma. M'dera langa munali maesiteti angapo a fodya, momwe munkakhala matenanti ochokera kutali, ena ku Mulanje, ena ku Phalombe, ena ku Dedza. Tenanti amapatsidwa munda ndi nyumba, amalima fodya wa mwini esiteti, ndipo thukuta lake amaliona kumapeto kwa nyengo fodyayo akagulidwa. Akachoka pakati pa nyengo, ndiye kuti walimira wina.

Lachiwiri lina m'mawa kudafika a Tembo, kapitawo wa esiteti ina yomwe sindiitchula dzina. Anali munthu wonenepa bwino, wokonda kulankhula ataimirira kuti aoneke kuti ali ndi changu.

"A Vetenale, kwathu kuli galu wopenga. Eni esiteti alankhula kale ndi abwana anu. Inu mungofika, musaine pepala, tithane naye."

"Waluma munthu?"

"Ayi, koma ndiye tidikire zimenezo?"

"Wayamba liti?"

"Mwezi ndi theka tsopano. Kuuwa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa."

"A Tembo," ndidatero, "galu wachiwewe akayamba kuonetsa, milungu iwiri samaliza. Wa mwezi ndi thekayo ndiye kuti chiwewe chake n'chaulesi."

Sadaseke. Tili m'njira m'pamene nkhani idatuluka yonse. Galuyo anali wa mayi Likoswe a ku Phalombe, amene amuna awo adamwalira kumayambiriro kwa Januwale, fodya atangoyamba kupsa m'munda. Chiikireni maliro, galu sadatseke pakamwa. Matenanti anzawo ankati ndi malodza, akuitana maliro ena. Mwana wa pa nyumba yoyandikana atagwidwa ndi malungo, aliyense adaloza galuyo. Amayi amene amathandizana kusoka fodya adaleka kupita kwa mayi Likoswe, moti masamba ankawaunjikira okha. Eni esiteti, atatopa ndi madandaulo, adalamula kuti galu afe, apo ayi mayiyo abwerere kwawo ndipo munda upatsidwe wina. Mayiyo adakana kupereka galu.

"Nanga mukufuniranji ine?" ndidafunsa. "Chibonga chatha pa esiteti yonse?"

A Tembo adatsokomola. "Galu wa malodza, a Vetenale, womupha amatenga tsoka lake n'kupita nalo kunyumba. Ndani angafune zimenezo? Koma mfuti ya boma ilibe mudzi."

Galuyo tidamumva tisanaone nyumba. Dzina lake linali Bulaki, ngakhale anali wofiirira ngati njerwa yootcha. Adamumangirira pa mzati wa chigafa choyanikamo fodya, ndi chingwe chachifupi, nkhope italoza njira yomwe anthu a njinga amadutsa ndi matumba popita kumalire. Pansi anali atakumba mozungulira mpaka pomwe chingwe chinkathera. Phale la madzi linali litagubuduka, louma gwa. Mayi Likoswe adatulukira kumunda atasenza mtolo wa masamba, duku lakuda kumutu, manja ali bii ndi utomoni wa fodya. Anali mayi wochepa thupi, wa maso ouma. Adatula mtolo, adandipatsa moni mwaulemu wonse, kenako adafunsa mosazungulira.

"Mwabwera kudzamupha?"

"Ndabwera kudzamuona, mayi. Ndibwerekeni mpando."

Ndidakhala pamenepo maola awiri, a Tembo akuyang'ana wotchi. Njinga ikatulukira, Bulaki ankathamanga mpaka chingwe chimutsamwitse, n'kuuwa mpaka njingayo itazimirira, kenako n'kubwerera monyadira. Kwa iyeyo, njinga iliyonse inkathawa chifukwa cha iye. Njira ikakhala yopanda munthu, ankatembenukira kumunda, kuuwa kawiri, kumvetsera, n'kukoka kulira kuja komwe kunkaimitsa anthu tsitsi. Phokoso likafika povuta, mayi Likoswe ankanyema kachidutswa ka dzungu lophika n'kumuponyera kuti akhale chete, ndipo ankakhaladi chete mpaka atameza. A Tembo nawo ankatola chibuma n'kumugenda, uku akukuwa kuti "Chete iwe!" Pamenepo galu ankawonjezera.

Ndidapempha madzi, ndidawathira m'phale. Adamwa onse osapumira, n'kunyambita phalelo. Ndidasendera pang'onopang'ono, cham'mbali, osamuyang'ana m'maso. Adandinunkhiza, mchira udagwedera. Ndidamuona m'khosi, m'kamwa, m'maso, ndi mayendedwe a miyendo yakumbuyo. Sindidapeze kanthu, kupatula nthiti zowerengeka ndi mawu osasa.

"Mayi, abambo ali moyo, galuyu ankakhala pati?"

"Kumbuyo kwawo. Kumunda ali limodzi, kudimba ali limodzi, kutchalitchi amawadikira panja. Chingwe sanachidziwepo chibadwire."

"Ndiye mudamumangiranji?"

"Titaika maliro, m'mawa uliwonse amathawira kumanda kukagona pamtumbira. Anthu anati n'zosayenera. Komanso fodya m'chigafamu amafuna mlonda, ine ndimakhala kumunda."

A Tembo adanditambasulira pepala ndi cholembera. Ndidapinda pepalalo n'kuliika m'thumba losasainidwa. Ndidawauza kuti ndikakamba kaye ndi abwana.

Ku ofesi, tsiku lotsatira

A Mkandawire anali atachita imvi, koma maganizo anali omwe aja. Adandimvetsera mpaka ndidamaliza, zala atazilukanitsa patebulo.

"A Mbewe, galuyo adabayidwa katemera?"

"Ayi bwana. Chaka chatha katemera adatithera tisanafike kumaesiteti a kumeneko."

"Kutsidya kwa mtsinje wa pafupi ndi esitetiyo tidapha galu mwezi watha. Yankho lake mwaliona?"

"Ndaliona bwana. Anali nacho."

"Ndiye mukundiuza kuti galu wosabayidwa, wosintha khalidwe, wokhala pakati pa nyumba zodzaza ana, timusiye chifukwa inu mwamva kuti akulira mbuye wake?"

Zonse ankanenazo zinali zoona. Ndikadasaina, palibe akadandinena, mayiyo akadasunga munda wawo, ndipo ine ndikadapita kukayeza makatani. Koma ndinkadziwa chomwe ndidaona ndi maso anga, ndipo dzanja langa lidali litasainapo kale bodza la mtundu umenewu kamodzi.

"Bwana," ndidatero, "ntchito yathu imalola kuti galu wokayikitsa amangidwe n'kuyang'aniridwa masiku khumi. Ndipatseni masiku amenewo. Ndizipitako tsiku lililonse. Akangosonyeza chizindikiro chimodzi, ndidzabwera ndekha kudzatenga mfuti."

"Akaluma mwana m'masiku anuwo?"

"Mlandu udzakhala wanga."

Abwana adamasula zala zawo patebulo. "Tengani masiku anuwo. Koma ndikuuzeni poyera, kuti musadzati ndidakubayani kumsana. Munthu woika galu patsogolo pa ana, ine sindingamusainire kuti akayang'anire anzake."

Nditafika kunyumba n'kufotokoza, amayi anu adandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndiye kuti makatani anga mwapatsa galu?" Kenako adandiikira madzi osamba. Mayi ameneyu mudziweni bwino, ana inu.

Masiku khumiwo

Mafuta a njinga yamoto anali atatha, choncho ndinkapalasa m'matope, ulendo wa ola ndi theka kupita kokha. Tsiku loyamba ndidasonkhanitsa matenanti n'kuwauza kuti mwana aliyense asayandikire galuyo, ndipo wamkulu womuyandikira akhale mayi Likoswe ndi ine basi. Kenako tidayamba ndi zinthu zooneka zachibwana. Tidadula tsekera n'kumanga kampanda pakati pa chigafa ndi njira, kuti njinga asamazione. Tidakwirira phale pansi mpaka m'milomo kuti lisamagubuduke. Chingwe chachifupi tidachitaya, ndidabweretsa chachitali cha ku dibi. Ndidauza mayiwo kuti m'mawa azipita naye kumunda ali pachingwe, azimumangirira pamtengo pomwe angamawaone akuthyola fodya, ndipo masana akamasoka masamba m'chigafa azikhala pambali pawo. Kumalo ophera ng'ombe, komwe ndinkayeza nyama, ndidapempha fupa lalikulu la mwendo kuti akhale ndi ntchito ya pakamwa.

"Muli ndi chovala chilichonse cha malemu?" ndidafunsa.

Adalowa m'nyumba n'kutuluka ndi jekete yong'ambika m'zigongono, yomwe achibale adaikana pogawana zovala. Titaiyala pansi, Bulaki adainunkhiza nthawi yaitali, adazungulira katatu n'kugonapo. Mayiwo adayang'ana kumbali.

Chovuta chidali dzungu lija. "Mayi," ndidatero, "mukamamuponyera chakudya akuuwa, mukumulipira. Iye waphunzira kuti pakhomo pano ganyu wake ndi kuuwa. Kuyambira lero, akamauwa musamuyang'ane, musamulankhule, musamupatse kanthu. Akangotseka pakamwa, muwerenge mumtima mpaka faifi, ndiye mumupatse. Mawa mpaka teni. Mlendo akabwera, mulekeni auwe kawiri, chifukwa ndiyo ntchito yake. Mukatero dzukani, mukaone mlendoyo, munene mawu amodzi okha, 'Basi.' Motsitsa, ngati mukuuza mwana kuti mwamva."

"Nanga akapanda kumva?"

"Musakuwe. Mukakuwa, iye amati mbuyanga wabwera kudzandithandiza, tiyeni tiuwe tonse."

Ndikunena izi ndinkayang'ana a Tembo, amene adali atatola kale chibuma. Adachigwetsa pansi mwakachetechete.

Tsiku lachiwiri sipadasinthe kanthu. Tsiku lachitatu zidaipiratu. Bulaki, poona kuti dzungu silikubwera, adauwa ngati akufuna kugwetsa chigafa. A Tembo adandichingamira panjira akumwetulira. "Mankhwala anu aja agwira bwino, a Vetenale. Tsopano akumveka mpaka ku Zambia." Mayi Likoswe ndidawapeza atakhala pansi, masamba osasokedwa ali mulu pambali pawo, ena atayamba kuda.

"Mwina angomupha," adatero osandiyang'ana. "Ndatopa, bambo. Fodya akuwola, anthu sakundilankhula. Ana anga awiri ali kwa achemwali anga ku Phalombe, akudikira chomwe ndibweretse. Ndikawauza kuti ndinasankha galu?"

Mawu amenewo adandilasa. Ndidayamba kudzifunsa ngati ndikupulumutsa galuyo chifukwa cha mayiwa kapena chifukwa cha manyazi anga a ku Kapondo. Ndidathira madzi m'phale kuti ndimuyese, chifukwa galu wowonjezera ukali tsiku lachitatu akhoza kukhalanso chomwe abwana ankaopa. Adamwa bwinobwino. Maso anali oyera, miyendo yolimba, ndipo atandiona adagwedeza mchira.

"Mayi, galuyo ndi wanu. Mukati afe, ndikatenga mfuti, koma pepala loti ndi wachiwewe sindisaina. Chokhacho ndikupempheni, ndipatseni masiku awiri. Munthu amene wazolowera kugogoda n'kutsegulidwa, tsiku lomwe simutsegula amagogoda mwamphamvu asanachoke. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Ndidavula jekete ya yunifomu, ndidakhala pansi n'kupempha singano. Kusoka fodya sindinkakudziwa, moti masamba anga ankapendekeka ngati mano a nkhalamba, koma mulu udatsikako. Tikusoka, Bulaki adauwa, adauwa, kenako adaima kuti apume. Ndidamva mayiwo akuwerenga chapansipansi, ndipo atafika faifi adamuponyera kachidutswa. Galu adatiyang'ana modabwa.

Tsiku lachisanu kuuwa kudayamba kuduka. Kumunda ankagona pansi pa mtengo, maso ali pa mayiwo. Chomwe chidatsala chinali cha njinga, chifukwa ngakhale sankaziona, ankazimva. Pamenepo ndidafuna munthu woti azidutsa ndi njinga mobwerezabwereza kuti galu azolowere, ndipo amene anali ndi njinga ndi nthawi anali a Tembo.

"Ine? Kapitawo wathunthu ndizizungulira ngati mwana wa sukulu chifukwa cha galu?"

"Si inu mumafuna bata pa esiteti?"

Adapalasa. Koyamba patali, kenako pafupi, uku ndi uku, thukuta lili kamukamu, matenanti atatuluka m'zigafa zawo kudzaonerera. Njinga ikadutsa, Bulaki ankauwa kawiri, mayiwo ankadzuka, kusuzumira kuseri kwa mpanda, n'kunena kuti "Basi." Akakhala chete, dzungu. Pa ulendo wa khumi ndi chiwiri adangotukula khutu limodzi. A Tembo adatsika akupuma mwawefuwefu. "Ha! Galu ameneyu wandinyoza. Ndadutsa ine, iye osadzuka n'komwe!" Anthu adaseka, ndipo aka kanali koyamba kuti pakhomo pamenepo pamveke kuseka chichitikireni maliro.

Mwana wa malungo uja adachira, monga amachirira ana akalandira mankhwala. Tsiku lachisanu ndi chiwiri ndidapeza mayi mmodzi woyandikana nawo atakhala kumapeto kwa chigafa, patali ndi galu, akusoka. Tsiku lotsatira anali atatu. Za malodza palibe adazitchulanso, ndipo ine sindidafunse. Kulira kwakutali kuja kudatsala kwa m'mawa kokha, pa nthawi yomwe malemu ankanyamula khasu, kenako nakonso kudatha.

Tsiku lakhumi

A Mkandawire adabwera okha pa galimoto ya ofesi, mfuti ili kumpando wakumbuyo. Adapatsa moni mayi Likoswe, adawapepesa maliro, kenako adapempha madzi n'kuthira okha m'phale. Adayang'anitsitsa galu akumwa. Adandiuza kuti ndimuyendetse uku ndi uku, adamuona m'kamwa, kenako adakhala pampando ola lathunthu akumuonerera. Njinga zidadutsa zinayi. Munthu wina wogula nkhuku adalowa pabwalo, Bulaki adauwa kawiri, mayiwo adati "Basi," ndipo adabwerera pa jekete yake. Abwana adatulutsa pepala n'kulemba kuti galuyo ndi wathanzi, adzabayidwe katemera akangofika. A Tembo adalandira pepalalo kuti akaonetse eni esiteti, ndipo nkhani yochotsa mayiwo idathera pomwepo.

Ndikuwaperekeza ku galimoto, abwana adaima. "Galuyu alibe kanthu, a Mbewe. Mudaona bwino. Koma mukadalakwitsa?"

"Ndidati mlandu ukadakhala wanga, bwana."

"Mukadawauza chiyani amayi a mwanayo?"

Funso limenelo limandisautsabe mpaka lero. Abwana adasunga mawu awo aja. Dzina langa lidachoka pa mndandanda, m'malo mopita pa boma adanditumiza ku Kachebere kukawerenga ng'ombe zodutsa malire, ndipo kukwezedwa kudandipeza patapita zaka zina zinayi. Sindidawasungire chakukhosi. Iwo ankalondera ana, ine ndinkalondera chomwe ndaona, ndipo ntchito yathu imafuna anthu onse awiriwo.

Galimoto itapita, ndidabwerera kuchigafa kukatenga njinga yanga. Amayi othandiza aja anali atapita kukaphika. Pabwalo panali zii, kumangomveka masamba a fodya akukhudzana ndi mphepo. Mayi Likoswe anali atakhala pamphasa, singano ili m'manja koma osasoka, Bulaki atagona pafupi ndi mapazi awo. Ine mtima unali m'malo, moti ndidalankhula mokweza ngati munthu wopambana mlandu.

"Mayi, ndi zimenezotu! Galu wanu ndi uyo, fodya wanu ndi uyo. Tsopano muzigwira ntchito pamtendere."

Adayang'ana galuyo, kenako adayang'ana kumunda.

"Zikomo, a Vetenale. Mulungu akudalitseni. Koma mukudziwa, chimwalirireni abambo ine sindinalire. Tinaika Lachisanu, Lolemba ndinali m'fodya, chifukwa fodya sadikira namfedwa. Amene amalira pakhomo pano anali Bulaki. Anthu amati akusokosa, ine mumtima ndimati bola alipo wina amene akuwalira bambowa, ine ndizithyola masamba." Adaika singano pamphasa. "Ndiye mwamutonthoza. Tsopano watsala ndani?"

Adakoka nsonga ya chitenje n'kuphimba kumaso, mapewa adayamba kugwedezeka, kenako kulira kudatuluka konse, kwa mwezi ndi theka, akutchula dzina la amuna awo ndi la mudzi wa kwawo. Bulaki adadzutsa mutu, adawayang'ana, adasendera n'kutsamiritsa chibwano paphazi pawo. Sadauwe.

Ine ndidaima pamenepo chipewa chili m'manja. Zaka khumi ndi ziwiri ndidaphunzira kumvetsera agalu, koma masiku khumi onsewo ndidakhala pambali pa mayi ameneyu osamva kanthu. Ndidatenga njinga yanga n'kuikankha mpaka kumsewu osaikwera, kuti tcheni chisachite phokoso.